Galimoto zodziyendetsa zokha: mafunso ndi mayankho kwa a njinga ndi oyenda pansi m'chigwa cha Shire

Kakanema ka galimoto yoyenda popanda munthu pa chiwongolero kakhala kakuzungulira m'mafoni mwathu. Ine ndinakaonera pa siteji ya akabaza ku Nchalo, anyamata asanu ataunjirira foni imodzi pansi pa mtengo wa nimu. Chiwongolero chinkatembenuka chokha, wokwera ali phee kumbuyo. Onse ankangoti "eee!" koma bambo wina wachikulire, amene wakhala akupalasa njinga pa msewu umenewu kuyambira unyamata wake, anafunsa kuti, "Nanga ineyo, ndili ndi matumba atatu a makala pa kaliyala, ingandione?" Funso limenelo ndi limene landilembetsa izi. Ena mwa mafunsowa ndinawamva pa siteji pomwepo, ena kutchalitchi ndi kumsika.

Kodi galimoto zimenezi zilipodi, kapena ndi zopeka za pa foni?

Zilipodi. Kampani ya Google inayamba kuziyesa mu 2009, ndipo mu 2016 ntchitoyo inapatsidwa dzina lake la Waymo. Kuyambira mu Okutobala 2020, anthu wamba a m'dera la Phoenix ku America akhala akuziitanitsa pa foni n'kukwera mulibe dalaivala. Kenako zinafika ku San Francisco ndi ku Los Angeles. Ku China, kampani ya Baidu ikuyendetsa zake mumzinda wa Wuhan ndi m'mizinda ina.

Chimene kakanemako sikaonetsa ndi chakuti galimotozi zimayenda m'dera limene eni ake anazidulira malire. Msewu uliwonse wa m'deralo anaujambuliratu mwatsatanetsatane: pokhota, maloboti, mizere, ngakhale msinkhu wa m'mphepete mwa msewu. Komanso kuli anthu okhala mu ofesi amene galimoto ikasokonezeka imawapempha nzeru kudzera pa netiweki.

Zimaona bwanji msewu?

Zili ndi maso amitundu itatu. Pali makamera, amene amaona mitundu ndi zikwangwani monga mmene timaonera ife. Pali radar, imene imatumiza mafunde n'kumva kubwerera kwake, motero imadziwa kutalika ndi liwiro la chinthu ngakhale kuli chifunga. Ndiye pali lidar, chija chimaoneka ngati kachidebe kozungulira padenga, chimene chimaponya kuwala mbali zonse n'kuyeza maonekedwe a chilichonse chimene kuwalako kwagunda. Koma kampani ya Tesla inasankha kudalira makamera popanda lidar.

Kuona n'chiyambi chabe. Kompyuta ya m'galimotomo iyenera kuzindikira kuti chimene yaonacho n'chiyani, iganize kuti chichita chiyani pa masekondi angapo akubwerawa, kenako isankhe kuima, kupatuka kapena kupitirira. Nzeru zimenezi imazipeza poonetsedwa zithunzi ndi makanema miyandamiyanda, anthu atailembera kuti uyu ndi munthu, iyi ndi njinga, uyu ndi galu. Chimene inaonetsedwa kambirimbiri imachidziwa bwino. Chachilendo chimaivuta.

Tsono taganizani njinga za kwathu kuno. Ina yanyamula malata atapingasa msewu, ina mbuzi ziwiri zomangidwa mu dengu, ina mitolo ya nzimbe yotalika kuposa njingayo. Wamakala ukamuonera kumbuyo suona mutu kapena miyendo, umangoona mulu wa matumba ukuyenda. Mwana wa ku Bereu amadziwa kuti kuseri kwa muluwo kuli munthu, chifukwa wakula akuona zimenezi. Makina ophunzitsidwa pa misewu ya ku Arizona, dera la ku America kumene kuli Phoenix, ayenera kuphunzitsidwa kaye.

Galimoto ya achimwene anga yochokera ku Japan imalira yokha ikayandikira chinthu. Ndiye kuti nayonso ndi yodziyendetsa?

Ayi. Akatswiri a bungwe la mainjiniya la SAE International anagawa nkhaniyi m'magawo kuyambira 0 mpaka 5. Pa gawo 0, 1 ndi 2, makina amangothandiza: amachenjeza, amaponda mabuleki pangozi, ena amagwirizira chiwongolero kuti galimoto isatuluke mu mzere, koma woyendetsa ndi munthu ndipo maso ake sayenera kuchoka pa msewu. Pa gawo 3, makina amayendetsa m'malo ena ochepa, munthu ali wokonzeka kulandira chiwongolero akaitanidwa. Honda inagulitsa galimoto zochepa za gawo limeneli ku Japan mu 2021, ndipo Mercedes-Benz inalandira chilolezo ku Germany chaka chomwecho. Gawo 4 ndi la galimoto ngati za Waymo, zoyenda zokha m'dera lodulidwa malire. Gawo 5, loti galimoto ipite kulikonse nthawi iliyonse, palibe amene walifika.

Ya achimwene anuyo ili m'magawo oyambirira. Ngakhale pulogalamu yothandiza dalaivala ya Tesla yotchedwa Autopilot, dzina lake lomveka ngati imachita zonse, ndi ya gawo 2. Mu Disembala 2023 kampaniyo inakakamizika kukonza galimoto pafupifupi 2 miliyoni ku America chifukwa njira zake zoonetsetsa kuti dalaivala ali tcheru zinali zosakwanira. Kwa ife oyenda m'mphepete mwa msewu, choopsa kwambiri ndi galimoto ya gawo 2 yokhala ndi dalaivala woganiza kuti ili pa gawo 5.

Zinaphapo munthu woyenda pansi?

Inde, ndipo nkhani yake iyenera kudziwika kwa aliyense wa njinga. Pa 18 Malichi 2018, usiku cha m'ma 10 koloko, mumzinda wa Tempe ku Arizona, mayi wa zaka 49 ankawoloka msewu akukankha njinga yake, majumbo atapachika pa njingapo. Sanawolokere pa mizere ya oyenda pansi. Galimoto ya kampani ya Uber, ya mtundu wa Volvo, imene inali pa mayeso, inamugunda ikuyenda pa liwiro loposa makilomita 60 pa ola, ndipo anamwalira.

Bungwe lofufuza ngozi la dziko la America, la NTSB, linatulutsa zotsatira zake mu Novembala 2019. Linapeza kuti makina anamuona mayiyo kutatsala masekondi 5.6 kuti amugunde. Pa liwiro limenelo, umenewo ndi mtunda wa pafupifupi mamita 100, utali wa bwalo la mpira, wokwanira kuima bwinobwino. Koma kompyuta inalephera kutsimikiza chimene ikuona. Inati ndi galimoto, kenako inati ndi chinthu chosadziwika, kenako njinga, ndipo nthawi iliyonse ikasintha maganizo inkaiwala njira imene chinthucho chadzera n'kuyambiranso kuganiza. Okonza makinawo sanawaphunzitse kuti munthu angawoloke pamalo popanda mizere. Mabuleki apangozi amene Volvo inaika m'galimotomo anali atazimitsidwa. Munthu amene anamuika pampando wa dalaivala kuti aziyang'anira anali akuonera pulogalamu pa foni.

Ndikawerenga nkhani imeneyi ndimaona amayi a kwathu. Kuchokera pa Dyeratu mpaka ku Marka, ndi malo angati amene ali ndi mizere yowolokera? Tonsefe timawoloka pamene njira ya kumudzi yatulukira, pamene pali mjigo, pamene pali chigayo. Ndipo kukankha njinga yolemedwa ndi katundu ndiye kayendedwe kathu ka tsiku ndi tsiku. Chimene ku Tempe ankachiyesa chachilendo, kuno n'chimene galimoto ingakumane nacho mphindi iliyonse.

Ngozi ina inachitika ku San Francisco pa 2 Okutobala 2023. Galimoto yoyendetsedwa ndi munthu inagunda mayi wina n'kumuponyera kutsogolo kwa galimoto yopanda dalaivala ya kampani ya Cruise. Iyo inaima, koma posadziwa kuti munthu ali pansi pake inanyamukanso kuti ikaime pambali, n'kumukhwekhwereza mamita pafupifupi 6. Mayiyo anapulumuka koma anavulala kwambiri. Boma la California, dera limene kuli San Francisco, linalanda chilolezo cha kampaniyo mwezi womwewo, ndipo mu Disembala 2024 eni ake, a General Motors, anasiya kuikamo ndalama.

Ndiye kuti n'zoopsa kuposa madalaivala athuwa?

Apa tinene chilungamo. Makina samwa kachasu, saodzera pa chiwongolero atayenda usiku wonse, sathamangira kukalanda okwera pa siteji yakutsogolo, ndiponso sapsa mtima wa njinga akachedwa kupatuka. Amaona kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali nthawi imodzi. Mu Disembala 2024, Waymo pamodzi ndi kampani ya inshuwalansi ya Swiss Re anaunika maulendo okwana makilomita pafupifupi 40 miliyoni ndipo anapeza kuti madandaulo a anthu ovulazidwa anali ochepa ndi 92 pa 100 alionse poyerekeza ndi galimoto zoyendetsedwa ndi anthu.

Chiwerengero chimenecho n'chachikulu ndipo sindikuchinyoza. Koma kumbukirani kuti kampani yomweyo inatenga nawo mbali pa kafukufukuyo, ndiponso maulendowo anachitika m'mizinda ya misewu yosamalidwa, yowala usiku, imene makinawo anaiphunzira kwa zaka zambiri. Chikutiuza za Phoenix ndi San Francisco. Za Sorgin, kuchigwa kuno, sichikunenapo kanthu.

Ingathe kunyamuka ku Blantyre, kutsika mapiri a Chikwawa mpaka kukafika pa boma la Nsanje?

Mmene zilili lero, ayi. Mapiri aja si amene angaivute kwambiri, pakuti kukhota ndi kutsetsereka makina amakutha. Mavuto angayambe ikangodutsa pa Thabwa.

Poyamba pali apolisi a pa chipata, amene amaimitsa ndi kuloleza galimoto ndi dzanja. Kuwoloka mlatho wa Kamuzu, ikupeza msewu umene m'malo ambiri mizere inafufutika, m'mphepete mwake phula linadyeka mpaka kutsala ngati chikwatu, ndipo pofuna kuzemba dzenje aliyense amalowa mbali ya mnzake. Tsiku la msika pa Nchalo, pa Ngabu kapena pa Bangula, msewu umasanduka bwalo: ogulitsa nsomba ayala m'mbali, akabaza aima mizere iwiri, minibasi yatsekereza theka la njira kondakitala akukweza matumba. Dalaivala wozolowera amadutsa pamenepo mwa kukambirana ndi anthu popanda mawu. Amayang'anizana ndi mayi amene akufuna kuwoloka, amagwedeza mutu, amaliza hutala pang'ono, wa njinga amatambasula dzanja. Makina alibe nkhope yoti muyang'anizane nawo. Atakhala osamala kwambiri angaime pamenepo mpaka msika utatha. Atakhala olimba mtima, ndiye kuti wina avulala.

Ndiye pali ng'ombe. Chigwa chino ndi kwawo kwa ng'ombe, ndipo madzulo zimadzaza msewu zikuchokera kubusa, kamnyamata ka zaka khumi kali pambuyo ndi kamkwapulo. Pali ngolo zopanda nyali, mathirakitala okoka nzimbe m'nyengo yodula, ndi utsi wa m'minda umene umaphimba msewu.

Nyengo nayo ili ndi mbali yake. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, fumbi n'kumata pa galasi lililonse, pamene kamera ndi lidar zimafuna kukhala zoyera nthawi zonse. Chachikulu kuposa zonse ndi madzi. Galimotozi zimadalira mapu ojambuliratu, koma msewu wa kuno umasintha usiku umodzi. Namondwe wa Ana mu Januwale 2022 anadula M1 m'malo angapo m'boma la Chikwawa n'kuwononganso damu la Kapichira, dziko lonse n'kukhala mu mdima. Freddy mu Malichi 2023 anadulanso misewu. Pamene dzulo panali mlatho, lero pali njira yapambali yodzera mumchenga imene anyamata a m'mudzi akukulozerani. Pakati pa Bangula ndi Makhanga, kuchokera pamene madzi anakokolola njira mu 1997, anthu akhala akuwoloka pa bwato, njinga zawo atazikweza momwemo. Ulendo wotero njinga imautha, koma galimoto yodalira mapu ndi netiweki siingauyambe n'komwe.

Ndinamva kuti makinawa saona bwino munthu wakuda. N'zoona?

Nkhawayi ili ndi pogwira. Mu 2019 ofufuza a pa sukulu ya Georgia Institute of Technology anayesa mapulogalamu angapo ozindikira anthu pa zithunzi za pamsewu, ndipo anapeza kuti ankaphonya kawirikawiri anthu a khungu lakuda kuposa a khungu loyera. Chifukwa chimodzi chinali chakuti pa zithunzi zophunzitsira panachuluka azungu. Mapulogalamu amene anayesedwawo sanali enieni a m'galimoto za makampani, chifukwa makampani saulula awo. Komanso lidar ndi radar siziyang'ana khungu, zimayeza thupi. Komabe phunziro lake ndi lomwe lija: makina amadziwa chimene anaonetsedwa. Ana nawonso amavuta kuwazindikira chifukwa ndi afupi ndipo amatulukira mwadzidzidzi.

Usiku ndiye pamavuta kwambiri. Bungwe la oyendetsa galimoto ku America la AAA linayesa mabuleki odziponda okha mu 2019 pogwiritsa ntchito zidole, ndipo linapeza kuti mu mdima sankathandiza kwenikweni. Atsopano akuchitako bwino, koma galimoto zambiri zimene zimafika kuno ndi zakale zimene anzathu anazigwiritsa kale ntchito.

Nanga chovala chonyezimira chija chimathandizabe?

Chimathandiza, musachivule. Kumayambiriro kwa 2025 bungwe loyesa chitetezo cha galimoto la IIHS ku America linapeza kuti galimoto ziwiri mwa zitatu zimene linayesa sizinachepetse liwiro pamene chidole chinavekedwa timizere tonyezimira m'manja ndi m'miyendo. Ilo ndi vuto loti opanga galimoto akonze. Pa msewu wathu, amene akubwera kumbuyo kwanu ndi munthu wa maso awiri, mwina wotopa, mwina nyali yake imodzi ndi yakufa. Kwa iyeyo chovala chonyezimira chimakuonetsani muli patali.

Ikagunda munthu, mlandu umakhala wa ndani?

Funso limeneli likuvutitsa maiko onse. Pa ngozi ya ku Tempe, oimira boma pa milandu sanaizenge kampaniyo mlandu waupandu. Amene anaimbidwa mlandu ndi woyang'anira uja, ndipo mu Julayi 2023 anavomera kulakwa n'kupatsidwa zaka 3 zokhala kunja moyang'aniridwa. Dziko la Britain linakhazikitsa lamulo lapadera mu 2024 lonena kuti galimoto yovomerezeka ikamadziyendetsa, zolakwa za kayendetsedwe zisagwere wokhala pampando koma kampani imene inapatsidwa chilolezo.

Lamulo lathu la pamsewu, la 1997, linalembedwa poganizira kuti pa chiwongolero pali munthu wokhala ndi laisensi. Apolisi amatenga dzina lake, lipoti lawo n'limene mumapita nalo ku inshuwalansi. Ndipo pali china chimene malamulo satchula. Kwathu kuno munthu akagunda mnzake, iye kapena abale ake amabwera pa siwa, amathandiza bokosi, amakhala pansi pamaso pa amfumu ndi eni mbumba n'kupepesa. Chipepeso chimenecho sichidzutsa wakufa, koma chimaziziritsa mitima. Galimoto yopanda dalaivala, mwini wake ali kutsidya la nyanja, adzabwere pamaliro ndani?

Zidzatilanda ntchito ife akabaza ndi madalaivala a minibasi?

Osati posachedwa. Galimotozi n'zodula, zimafuna magetsi osathimathima, netiweki yolimba ndi amakaniko ake apadera. Ndipo ulendo wotenga mayi wodwala kuchokera kumudzi wa mkati, kudzera m'kanjira ka m'munda wa thonje mpaka kukafika kuchipatala, ukhalabe wa njinga kwa nthawi yaitali.

Ngati sizikubwera msanga, tikuvutikiranji kuzikamba?

Chifukwa funso limene tikufunsa makinawa ndi lomwe tiyenera kufunsa dalaivala aliyense, injiniya aliyense wokonza msewu ndi phungu aliyense: kodi wa njinga mukumuona?

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu lipoti lake la 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse. Oposa theka ndi oyenda pansi, a njinga zakapalasa ndi a njinga zamoto. Mwa ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29, palibe chimene chimapha ambiri kuposa msewu. Ndipo chigawo cha Africa, ngakhale chili ndi galimoto zochepa, ndicho chili patsogolo tikayerekeza imfazi ndi chiwerengero cha anthu.

Mphwanga wa kwa amayi aang'ono ankachokera ku msika wa Ngabu dzuwa litangolowa, thumba la mapira lili pa kaliyala. Malole awiri anakumanizana pomwe iye anali. Yakumbuyo kwake inaliza hutala osachepetsa liwiro, iye n'kuthawira kumbali. Pamalopo phula linali litadyeka, panali chitsika chofika m'kakolo. Tayala lakutsogolo linatsetsereka, thumba linamukoka, ndipo anagwera mkati mwa msewu m'malo mogwera kunja. Tayala la ngolo ya loleyo linamuponda mwendo. Dalaivala sanaime, mwina sanadziwe n'komwe. Anthu anamunyamula pa njinga ina, ndipo mawa lake anamutumiza ku Blantyre, kumene anagona miyezi itatu. Chaka chimenecho munda wake sunalimidwe. Njinga ija ilipobe kuseri kwa nkhokwe, limu lake litapindika ngati nambala 8, ndipo mwana wake wamkulu anasiyira sukulu mu Fomu 2.

Chimene chikanamupulumutsa tsiku limenelo si kompyuta. Ndi mita imodzi ndi theka ya phula m'mphepete mwa msewu, ndiponso dalaivala wochotsa phazi pa moto.

Liwiro limasintha chiyani kwenikweni?

Galimoto yoyenda makilomita 50 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 14 pa sekondi imodzi. Pa 80 imadutsa mamita 22, pa 100 imadutsa 28. Dalaivala asanaponde n'komwe mabuleki, sekondi imodzi kapena kuposerapo imakhala yapita akuzindikira chimene waona. WHO imati mwayi woti woyenda pansi afe akagundidwa umakula kanayi ndi theka liwiro likachoka pa 50 kufika pa 65. N'chifukwa chake maiko atakumana ku Stockholm mu Febuluwale 2020 anagwirizana zolimbikitsa liwiro la makilomita 30 pa ola pamalo amene galimoto zimasakanikirana ndi anthu. Msika uliwonse wa m'mbali mwa M1 ndi malo otero, ndipo sukulu za pulayimale zambiri zili pomwepo.

Chimodzi chimene ndimasirira pa galimoto zodziyendetsa n'chakuti zimatha kuuzidwa liwiro n'kulisunga. Koma mahampu omangidwa bwino, okhala ndi chikwangwani ndi penti, amachita ntchito yomweyo pa galimoto iliyonse, ngakhale yakale motani.

Ine woyenda pansi kapena wa njinga ndichitepo chiyani lero?

Zambiri mukuzidziwa kale, ndingokumbutsa zimene ndimaona zikuphonyedwa. Galimoto kuno zimayenda kumanzere, choncho woyenda pansi ayende kumanja, kuti aziona chimene chikubwera kutsogolo kwake. Wa njinga ayende kumanzere pamodzi ndi galimoto. Mabuleki a njinga akhale ogwira mbali zonse, osati kudalira chidendene pa tayala. Kutsogolo kukhale nyali yoyera, ngakhale katochi komangirira ndi mphira, kumbuyo chonyezimira chofiira, ndipo ngati katundu wachiphimba, pachikani china pa katundupo. Malata ndi matabwa amangidwe motsata njinga, osati mopingasa.

Lole yaitali ikamakhota, matayala akumbuyo amadula njira kulowa mkati, ndiye musaime pambali pake pokhota. Ngati simukuona nkhope ya dalaivala pa galasi lake lam'mbali, iyenso sakukuonani. Mukatsika minibasi, dikirani ichoke kaye musanawoloke. Ana aang'ono agwidwe dzanja ndipo akhale mbali ya kutchire, wamkulu mbali ya msewu. A njinga zamoto, chipewa chikhale cha onse awiri ndipo chimangidwe pachibwano.

Ndikudziwa kuti malangizo otere amakhala ngati akukankhira udindo wonse kwa wofooka. Si cholinga changa. Wa njinga ali ndi ufulu pa msewu mofanana ndi wa galimoto, ndipo hutala si chilolezo chomuthamangitsira kutchire.

Pa luso lonseli, chilipo chimene chingatifike msanga n'kutithandiza?

Chilipo, ndipo china chafika kale. Galimoto zambiri za ku Japan zopangidwa kuyambira cha m'ma 2015 zili ndi kamera kuseri kwa galasi lakutsogolo ndi mabuleki odziponda okha, monga Toyota Safety Sense kapena EyeSight ya Subaru. Dziko la Japan linalamula kuti mitundu yatsopano ya galimoto izikhala ndi mabuleki otere kuyambira mu Novembala 2021, ndiye zaka zikubwerazi zotere zichuluka pa misewu yathu. Pempho langa kwa eni ake ndi amakaniko ndi lakuti musazimitse chifukwa choti kulira kwake kukukusowetsani mtendere. Mukasintha galasi lakutsogolo, kamera ija iyenera kuikidwanso molondola, apo ayi iziyang'ana kolakwika. Ndipo muziipukuta fumbi.

Maiko a mu European Union analamula kuti kuyambira mu Julayi 2024 galimoto yatsopano iliyonse ikhale ndi kachipangizo kochenjeza dalaivala akapyola liwiro lololedwa. Kuika zoletsa liwiro m'maminibasi ndi m'malole ndi chinthu chimene a Road Traffic angathe kuchilimbikitsa popanda kudikira luso lachilendo. Magetsi oyendera dzuwa pa misika, mizere yowolokera pa sukulu, ndi kanjira ka njinga pamene a Roads Authority akukonzanso msewu, zonsezi n'zotheka ndipo makomiti a chitukuko a m'madera angathe kuziika patsogolo pokambirana ndi khonsolo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Kampani ina itabwera kuti ikufuna kuyesa galimoto zake kuno, tidzaifunse chiyani?

Si zosatheka. Dziko lino linatsegula malo oyeserapo tindege topanda oyendetsa ku Kasungu mu 2017, ndipo tindege totere tanyamulapo mankhwala kupita ku zipatala za ku Nsanje ndi Chikwawa. Zatsopano sitizikana. Koma kandege kamauluka m'mwamba, pamene galimoto idzadutsa pakhomo pa sukulu ya ana athu.

Tidzafunse kuti makina awo anaphunzitsidwa pa zithunzi za kuti, ndipo mwa zithunzizo ndi zingati zili ndi ngolo, ng'ombe ndi mayi wobereka mwana atasenza ndowa. Tidzafunse kuti munthu akavulala adzalipira ndani, ofesi yake ili kuti m'dziko muno, ndipo mlandu ukaweruzidwira bwalo liti. Zimene makina ajambula pa nthawi ya ngozi ziperekedwe kwa apolisi ndi kwa banja lonse lathunthu, osadulako. Mafumu, makomiti a akabaza ndi aphunzitsi akhale nawo pa zokambirana chiyambire, asangoitanidwa tsiku lodula riboni.

Ndipo asanailole kulowa mu M1, aiyese kaye pa bwalo lotchingidwa, ife tikuonerera. Apange chidole cha msinkhu wa munthu, achiveke chitenje chakuda, achigwiritse njinga yokhala ndi matumba atatu a makala, n'kuchikoka ndi chingwe kudutsa kutsogolo kwa galimotoyo nthawi ya chisisira, fumbi la ng'ombe lili m'mwamba. Abwereze kakhumi, kenako achotse chidole chachikulucho aikepo cha mwana wa Sitandade 1.